Phulusa la a Nambewe

Za ubwana wanga ndizidumpha, ana inu. Ndinkaweta mbuzi monga mwana wina aliyense, ndipo mbuzizo zinadyedwa kalekale. Ndiyambira pomwe ndinayamba ntchito ya ukatekisiti, chifukwa mutu uno ndi wa phulusa, komanso wa mawu omwe ndinanena kwa mayi anu ali chigonere. Mawu amenewo anandidanitsa ndi mwana wanga woyamba, Lusiya, kwa zaka zingapo. Enanu nkhaniyi munaimva mbali imodzi. Tsopano imvani kwa mwini chala chomwe chinapaka phulusalo.

Chaka choyamba, kumunsi kwa Mtakataka

Nditamaliza maphunziro ananditumiza ku tchalitchi chaching'ono cha m'dera la Kachindamoto, kumunsi kwa Mtakataka, komwe nthawi ya dzinja njinga imakunyamula theka la ulendo, theka linalo n'kuinyamula ndiwe. Tchalitchicho chinali cha zidina zosawotcha, denga la udzu, ndipo belu lake linali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika pamtengo wa msangu. Ansembe ankabwera mwa apo ndi apo. Masiku ena onse ntchito inali pamutu panga, mnyamata wa ndevu zowerengeka: kuphunzitsa ofuna ubatizo, kutsogolera mapemphero, kuyendera odwala, kuika maliro, ngakhale kuyanjanitsa mabanja a anthu oti akanatha kundibereka. Choko kunalibe, tinkalemba ndi chinangwa chouma. Tayala likaphulika tinkalongamo udzu. Koma sindinkadandaula, chifukwa ndinali nditangokwatira mayi anu, a Nambewe, ndipo munthu wongokwatira kumene saona kudontha kwa denga.

Mayi anu anakulira mumpingo wina, choncho miyambo yathu ankaiphunzira pang'onopang'ono. Mwambo womwe sanaudziwe unali uwu. Pa Lamulungu la Kanjedza akhristu amalandira masamba a kanjedza odalitsidwa, n'kukawatsomeka kudenga kwawo. Chaka chikazungulira, Lenti ikamayandikira, amawabweza kutchalitchi. Katekisiti amawawotcha, n'kusefa phulusa lake, ndipo pa Lachitatu la Phulusa wina aliyense amapakidwa kamtanda pamphumi n'kuuzidwa kuti, "Kumbukira kuti ndiwe dothi, ndipo kudothi udzabwerera." Lachiwiri lake ndinawotcha kanjedza wa mudzi wonse, n'kusefa bwinobwino mpaka phulusa linachita kuti laa ngati ufa woyera. Poti m'tchalitchi munkadontha, ndinaliika m'phale, chibenthu cha mphika wosweka, n'kukalisungitsa kukhitchini kwathu. Kenaka ndinapita kukamvera akwaya.

Pobwera ndinapeza mkazi wanga akumwetulira yekhayekha. Ananditengera madzi, n'kuvundukula mbale ya therere. Abale inu, therere limenelo! Lofewa, lonunkhira, lotsetsereka lokha pakhosi. Ndinadya mpaka kunyambita zala.

"Lero ndiye mwaphika, amayi," ndinatero.

"Mwaphika ndinu, bambo," anayankha. "Amuna angati pamudzi pano angasefere mkazi wawo phulusa la chidulo? Ndawauza kale anzanga kuchitsime."

Inu a m'tauni mumangodziwa soda wa m'sitolo, ndiye ndikufotokozereni. Chidulo amachipanga poika phulusa m'chitini chobowola kunsi n'kuthiramo madzi, ndipo madzi odonthawo ndi amene amafewetsa therere. Dzanja langa linaima m'malere, mbamu ili m'manja.

"Phulusa liti?"

"La m'phale lija."

"Mayo ine! Amayi, tadya Lenti!"

Nditawafotokozera anagwira pakamwa, misozi n'kulengeza. Ine mantha anali pa ntchito, chifukwa m'mawa mwake kunali kubwera bwana wanga woyamba, wansembe yemwe tinkamutcha Bambo Kamvuluvulu kaamba ka mayendetsedwe awo a njinga yamoto. Anafikadi m'mamawa, matope mpaka m'mawondo. Ndinkafunafuna poyambira, koma mayi anu ananditsogolera, n'kugwada, chitini chija chili m'manja.

"Bambo, musawakalipire awa. Phulusa lanu ndaphikira therere ndine."

Bambo Kamvuluvulu anayang'ana iwo, anayang'ana ine, kenaka anaphulika kuseka mpaka kutsamira njinga yawo. Atapukuta misozi anafunsa kuti, "Nanga linakoma?"

"Linakoma, Bambo," ndinavomera. Ndikanatani, poti bodza pa tsiku lolapa silikanakhala bwino.

Anasuzumira m'chitinimo, momwe munatsala phala lakuda bii, lonyowa. "Nanga ili si phulusa? Langosambitsidwa basi. Bweretsani, ndi phale lomwe." Analidalitsa lomwelo. Ndikukuuzani, sindinaonenso mitanda yakuda ngati ya chaka chimenecho. Phulusa louma limayoyokera pamphuno munthu asanafike pakhomo, koma ili linakanirira mpaka madzulo, mvula n'kulephera kulichotsa. Polalikira anakweza phale lija m'mwamba n'kufunsa azimayi a m'tchalitchimo kuti, "Uwu unali mphika, unasweka. Munautaya?" Azimayiwo anati ayi. "Mumachita nalo chiyani?" Anayankha mopikisana kuti timakazingira mtedza, timapalira moto kwa anzathu, timamwetsera anapiye. "Basi," anatero Bambo. "Tonse muno ndife mapale, kuyambira ine. Koma Mulungu ali ngati mayi wa pamudzi, phale sataya." Ulaliki wonse unathera pomwepo, chifukwa anali ndi matchalitchi ena oti akafikeko mtsinje usanadzaze.

Chiyambire tsikulo, chaka chilichonse mayi anu akafika kutsogolo kwa mzere, ine chala chili m'phulusa, ankandinong'oneza kuti, "Pakani kunja kokha, m'kati ndinadzola kale." Ndipo ine ndinkayenera kunena mawu a imfa nkhope ili gwa, kuseka kukundikwera pakhosi.

Zaka za ku Bwanje

Lusiya atayamba sukulu anatisamutsira kufupi ndi Golomoti, kwa alimi a mpunga a ku Bwanje, ndipo kumeneko ndi komwe enanu munabadwira. Bwana wanga watsopano tinkamutcha Bambo Wotchi. Anali munthu wabwino, koma mapemphero akachedwa pang'ono ankayang'ana pamkono ngati pamuluma nyerere. Tsiku lina anandifunsa kuti, "A katekisiti, kodi anthu anu wotchi alibe?" Ndinati, "Ali nayo, Bambo, koma ndi madzi a mumfuleni. Akafika m'munda mwako, ngakhale mngelo aitane, umayamba wathirira." Anaseka pang'ono, n'kuyang'ananso pamkono.

Vuto la ku Bwanje linali kusowa kwa kanjedza wowotcha. Anthu ankakazika masamba odalitsidwawo m'minda ya mpunga kuti Mulungu aziyang'anira mbewu, ndipo pofika Lenti chiswe chinali chitadya kale madalitso onse. Ndinkayenda khomo ndi khomo, thumba lili paphewa, kupempha zotsalira. Chikhalirecho phulusa silinaperewerepo. Kadzanja kamodzi kamakwanira tchalitchi chodzaza, poti kukumbutsa munthu za imfa sikulira zambiri.

Ndipo tchalitchi chinkadzazadi, kuposa pa Khirisimasi. Ankabwera ndi anthu oti chaka chonse sitiwaona: a mitala, ophika kachasu, omwa kachasuyo, oletsedwa kulandira Ukaristia, ngakhale ena oti si a mpingo wathu. Mkulu wina wa akazi awiri anandiuza akutuluka, mtanda uli pamphumi, kuti, "A katekisiti, ichi chokha ndiye mumatipatsa osatifunsa mafunso." Mawu amenewo ndinayenda nawo masiku ambiri. Zoonadi, pa mzere wa phulusa palibe amene amabwezedwa. Chiphaso chake n'chakuti ukhale munthu woti udzafa ndiponso wochimwa, ndipo chimenecho tonse tili nacho. Ndinapaka makanda ali kumsana, ndinapaka aphunzitsi a mataye, ndinapaka alimi matope a m'munda akadali kumapazi. Chaka china apongozi anga enieni, atabatizidwa ku ukalamba, anaima patsogolo panga. Munthu woti tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire, lero ndimugwire pamphumi! Iwo anatsinzina, ine ndinayang'ana kudenga, ndipo mtandawo unakathera pafupi ndi khutu. Mayi anu anaseka nkhaniyi mpaka Pasaka.

Koma chaka chilichonse pamzerepo pankasowa nkhope zina zomwe chaka chatha zinalipo, ndipo ambiri mwa iwo ndinali nditawaperekeza ndekha kumanda. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwambiwu ndinkaudziwa, ndinkauphunzitsanso, koma ndinkauona ngati wa makomo a anthu ena.

Chaka chomwe a Nambewe anadwala

Matenda anayamba mpunga uli pa nazale. Mayi anu anayamba kuonda, chakudya osachifuna, mimba ikuwapweteka. Tinapita nawo kuchipatala cha ku Mua, komwe anatisamalira bwino ndithu, koma patapita nthawi dokotala ananditengera pambali pamodzi ndi Lusiya, yemwe panthawiyo ankaphunzitsa ku Lilongwe ndipo anali atabwera kudzadwazika. Anati, "Atengereni kunyumba, muziwapatsa chilichonse chomwe mtima wawo wafuna." Munthu wamkulu safunsa tanthauzo la mawu otere.

Tili panja Lusiya anandigwira mkono. "Ababa, amayi asamve. Munthu ukamuuza amataya mtima. Tiziwauza kuti akuchira." Ndinavomera, poti ndi mmene timachitira kwathu kuno, ndiponso ine ndemwe sindinkafuna kuzimva. Tinayamba kuwaphera nkhuku, kuwagulira zakumwa za m'botolo, n'kumawauza kuti lero nkhope yawala. Iwo ankangoti, "Eya, ndikupezako bwino."

Kenaka linafika Lachitatu la Phulusa. Mapemphero atatha, ntchito yanga inali kupititsa phulusa kwa odwala omwe sanathe kufika kutchalitchi. Ndinayenda makomo onse, ndipo khomo lomaliza linali langa lomwe. Lusiya anandidikirira pakhonde.

"Ababa, mawu a dothi aja musakanene."

Apa ndifotokoze. Mpingo umalola mawu a mitundu iwiri popaka phulusa. Ena ndi a dothi aja, ena ndi akuti, "Tembenuka mtima, ukhulupirire Uthenga Wabwino." Onse ndi ololedwa, choncho chomwe Lusiya ankapempha sichinali tchimo. Ine pa ntchito yanga yonse ndinkanena a dothi, koma ndinamulonjeza kuti ndinena enawo.

Tinalowa. Mayi anu anali atatsamira khoma, atavala duku lawo la ku tchalitchi, atalikankhira kale m'mbuyo kuti mphumi ioneke. Ndinagwada pamphasa, ndinaviika chala, n'kuyamba kuti, "Tembenuka mtima..." Anandigwira dzanja. Mphamvu zinali zitatha, koma anandigwira ndithu.

"Bambo a Lusiya, mwayamba liti zimenezo?"

"Ndi ololedwa awa, amayi."

"Sindikufunsa za kuloledwa. Zaka zonsezi mwakhala mukundiuza kuti ndine dothi ndili wonenepa, ndikusenza thumba la mpunga pamutu. Lero pamene zili zoona ndiye mukundibisira?"

Lusiya anati, "Amayi, musalankhule choncho, mukuchira."

"Iwe, khala chete pang'ono. Nkhuku zanga zatha m'khola. Chikwatiwire, bambo akowa sanandipherepo nkhuku popanda mlendo. Iwe wasiya ana asukulu pakati pa teremu. Achemwali anga, omwe sitilankhulana chifukwa cha dimba lija, atumiza nthochi. Mukundiyesa mwana?" Anatembenukiranso kwa ine. "Nenani mawu anga."

Ndinayang'ana mwana wanga, akupukusa mutu, maso ali psuu. Ndinayang'ana mkazi wanga, akundidikira. Uku lonjezo, uku munthu woti ndadya naye therere la Lenti. Ndakumanapo ndi zovuta pa ntchitoyi, mitsinje yodzaza, maliro a ana, koma palibe chinandilemera ngati kachala kamodzi ka phulusa kameneko. Ndinasankha mwini mphumi. Ndinajambula mtanda, n'kunena mawu onse osadumpha ngakhale limodzi. Lusiya anatuluka akulira, chitseko n'kuchimenyetsa.

Zomwe zinatsatira iye sanazione. Mayi anu anapuma mpweya wautali, n'kumwetulira. "Zikomo. Ndinatopa n'kunamizira kuchira kuti ndikusangalatseni. Ntchito imeneyo ndi yolemetsa kuposa matendawa." Ine ndinali kulira ngati mwana, iwo n'kumandipukuta ndi nsonga ya chitenje. "Musalire, a katekisiti, mufufuta mtanda wanu. Mwaiwala phale lija? Mwini wake sataya. Komanso lero mwapaka bwino, osati za kukhutu zija."

Kuyambira tsikulo m'nyumba munapepuka. Anaitanitsa achemwali awo, ndipo za dimba zinatha ndi kuseka, atazindikira kuti dimbalo linakokoloka kale ndi madzi. Anagawa zitenje zawo, anasankha nyimbo za pamaliro awo, n'kuletsa mayi wina wa kwaya kuti asadzayambitse chifukwa amakweza kwambiri. Bambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala. Anatisiya Pasaka atatsala pang'ono, dzuwa likutuluka, ali phee.

Titabwerako kumanda Lusiya anandiuza mawu amodzi okha: "Ababa, munawatsegulira chitseko ndinu. Akanalimbabe." Chichokereni apo sanandichitepo mwano. Shuga ankatumiza, mankhwala ankatumiza, pa Khirisimasi ankabwera. Koma macheza athu anali "mwadzuka bwanji" ndi "tadzuka bwino" basi, ndipo ndinamva kuti pa Lachitatu la Phulusa sapondanso kutchalitchi. Ndikati ndiyambe kumufotokozera ankati, "Zisiyeni, ababa, zinapita." Ndisaname, zinkandiwawa kuposa kutukwanidwa. Ndinataya mkazi, ndipo zinkaoneka kuti mwana ndamutayanso akali moyo.

Chaka chino

Ndinapuma pa ntchito maso atayamba kuchita nkhungu, n'kukhazikika konkuno ku Golomoti. Chaka chino miyendo inayamba kutupa, ndipo kuchoka pakhonde kufika pankhokwe ndimapuma ngati ndakwera phiri la Dedza. Lusiya anabwera n'kunditengera ku Mua. Atandipima, dokotala anati ndidikire pabenchi, iye n'kulowa ndi Lusiya. Lusiya anatuluka akumwetulira kwambiri, kumwetulira koonetsa mano onse, n'kuti, "Ababa, akuti palibe chodetsa nkhawa."

Tsiku lotsatira ndinadya nkhuku. Linzakelo nkhuku inanso. Foni ikalira ankakayankhira kuseri kwa nkhokwe, ndipo inu a ku Blantyre ndi ku Mzuzu munayamba kundiimbira motsatizana, anthu oti mumandikumbuka pa Khirisimasi. Lachiwiri masana, mawa lake kuli Phulusa, ndinamuona akuthamangitsa tambala.

"Mwananga," ndinamuitana, "tambala yekhayo musiye, ndi amene amandidzutsa."

Anaima, chitenje chili m'manja.

"Amayi ako ankadziwa kuwerenga nkhuku. Ukuganiza kuti ine ndinakhala nawo zaka zonsezo osaphunzirako?"

Anabwera n'kukhala pansi pafupi ndi mpando wanga, n'kuyamba kulira. Ndinamusiya alire. Atatonthola anati, "Ababa, kunamaku n'kotopetsa. Masiku ochepa okhawa, msana wonse ukundiwawa."

"Wonamizidwayo ndiye amatopa koposa," ndinatero. "Anandiuza ndi amayi ako, iwe utatuluka."

Nthawi imeneyi sananene kuti zisiyeni. Ndinamufotokozera zonse, mpweya wautali uja, kupukutidwa misozi, phale, mpaka za mtanda wa kukhutu. Pofika pamenepo tonse tinali kuseka, mamina ndi misozi zili mbwee, tambala akutiyang'ana chapatali.

M'mawa mwake tinakwera kabaza, iye yake ine yanga, mpaka kutchalitchi. Wopaka phulusa anali a Mateyu, katekisiti yemwe ndinamuphunzitsa ndekha ntchitoyi. Ndinamumva akuuza anthu onse a patsogolo panga mawu a dothi. Nditafika ine, Lusiya atandigwira pachigongono, anaona miyendo yangayi, n'kuyamba mwaulemu kuti, "Tembenukani mtima..."

"Pepani, a katekisiti," anatero Lusiya, mokweza ndithu moti a pambuyo anamva. "Awa auzeni enawo. Kwathu sitibisirana."

A Mateyu anandiuza kuti ndine dothi, ndipo kudothi ndidzabwerera. Kwa nthawi yoyamba ndinawamva mawuwo bwinobwino, ndipo sanandiopse. Ndinangomva ngati munthu wandilandira katundu pamutu. Ndisanasunthe, ndinaona mwana wanga akukankhira duku lake m'mbuyo, n'kupereka mphumi.

Ndiye enanu mukamabwera, bwerani ndi nkhani, osati ndi mabodza akuti ndikuwala nkhope. Galasi ndili nalo. Nkhuku zotsalazo zisiyeni ziswane, mudzazifuna pa tsiku la alendo ambiri.

Tsiku la Phulusa sitidya nyama, choncho tambala anapulumuka. Madzulo Lusiya anatulutsa mphasa pakhonde, ananditengera madzi, n'kuvundukula mbale. Therere. Nditalawa ndinadziwa kuti si la soda wa m'sitolo.

"Iwe Lusiya, phulusa la chidulochi walitenga kuti?"

"Idyani, ababa, musafunse zambiri," anatero, mtanda wake uli bii pamphumi. "Kunja mwadzola kale, kwatsala m'kati."

Therere limeneli linali ngati la mayi ake lenileni. Ndinapempha lina.